Ampulifaya Ikhale M'kati mwa Sipika Kapena Payokha? Mmene Mungasankhire Zoimbira za M'nyumba

Sipika payokha siimba. Kuti pepala lake ligwedezeke n'kukankha mpweya mpaka khutu limve nyimbo, pamafunika mphamvu ya magetsi yoposa kutali imene foni, kompyuta kapena TV imatulutsa, ndipo chipangizo chimene chimapereka mphamvuyo ndi ampulifaya. Choncho zoimbira zilizonse zili ndi ampulifaya penapake, ndipo chimene wogula amasankha ndi malo amene ampulifayayo ikhale: m'kati mwa bokosi la sipika momwemo, kapena m'bokosi lakelake lolumikizidwa ku masipika ndi mawaya. Masipika a mtundu woyamba amalembedwa kuti powered kapena active, ndipo mumawazindikira ndi chingwe chawo cholowa pa soketi ya magetsi. A mtundu wachiwiri amatchedwa passive, ndipo kumbuyo kwawo kumangokhala pomangirira mawaya awiri, pofiira ndi pakuda.

Anthu ambiri akafika pamenepa amafunsa kuti zomveka bwino ndi ziti, koma funso limeneli silithandiza kwenikweni, chifukwa mbali zonse ziwiri kuli zoimbira zabwino zedi ndiponso zachabechabe. Kwa ine nkhani yagona pa zinthu ziwiri. Choyamba ndi amene agwire ntchito yogwirizanitsa ampulifaya ndi sipika, kaya ndi akatswiri a kufakitale kapena inuyo. Chachiwiri ndi zimene zidzachitike tsiku limene mbali imodzi idzawonongeke kapena kutha ntchito. Musatengeke ndi mawu akuti njira ina ndi yamakono ndipo ina ndi yachikale, pakuti sipika ya Radiola 104, imene kampani ya RCA inayamba kugulitsa mu 1926 potengera ntchito ya Chester Rice ndi Edward Kellogg, inali kale ndi ampulifaya m'bokosi lake.

Choyamba, lembani zonse zimene mudzalumikize

Musanayang'ane sipika iliyonse, tengani pepala n'kulemba chilichonse chimene mukufuna kuti chizimvekera pa zoimbirazo, ndipo pambali pa chilichonse mulembe mtundu wa potulukira mawu pake. Ntchito imeneyi imaoneka yaing'ono, koma ndi imene imathetsa theka la nkhaniyi, chifukwa masipika a ampulifaya ya m'kati amakhala ndi polowera pochepa, nthawi zina pawiri kapena patatu basi, pamene ampulifaya yapadera kawirikawiri imakhala ndi polowera pambiri.

TV ndi imene imavutitsa anthu kwambiri. Njira yabwino yotengera mawu ku TV ndi HDMI ARC, imene inabwera mu 2009 ndi mtundu wa HDMI 1.4, chifukwa imalola kuti limoti ya TV yomweyo izikweza ndi kutsitsa mawu a masipika. Njira ina ndi waya wa kuwala wotchedwa optical kapena Toslink. Umenewu umanyamula mawu bwino ndithu, koma pa ma TV ambiri limoti ya TV siisintha voliyumu yodutsa mmenemo, moti mudzafunika limoti yachiwiri. Mukamagwiritsa ntchito njira iliyonse mwa ziwirizi ndi masipika awiri okha, lowani m'makonzedwe a mawu a TV n'kusankha PCM, popeza masipika ambiri otere satha kumasulira Dolby Digital ndipo amangokhala chete kapena kutulutsa phokoso. Bluetooth ndi yabwino pa nyimbo za pafoni, koma pa TV imachedwetsa mawu pang'ono, ndipo nthawi zina kuchedwako kumakwana kuti muone milomo ya wolankhula ikutsogola mawu ake.

Galamafoni ili ndi vuto lakelake. Singano yake imatulutsa magetsi ochepa kwambiri, pafupifupi mamilivolti 5 pa mitundu yofala, pamene choimbira ma CD chimatulutsa mpaka mavolti 2. Kuwonjezera apo, mbale zimadindidwa besi itachepetsedwa ndipo mawu apamwamba atakwezedwa, motsatira muyezo wa RIAA wa mu 1954, choncho pamafunika kachipangizo kotchedwa phono kokweza mawuwo ndi kuwabwezera mmene analili. Kachipangizoka kangakhale m'galamafoni momwemo, mu ampulifaya, m'masipika ena ochepa, kapena m'kabokosi kakekake. Chofunika n'chakuti kakhalepo kamodzi, osati kusoweratu ndiponso osati kawiri. Kakasowa, mawu amamveka otsika ndi opyapyala. Kakakhala kawiri, amamveka osokonekera ndi odzaza besi yonyansa.

Pomaliza pa gawoli, werengani masipika amene mukufuna. Ngati cholinga chanu ndi masipika awiri, wakumanzere ndi wakumanja, njira zonse ziwiri zili zotseguka. Ngati mukufuna zoonera mafilimu za 5.1, kutanthauza masipika 5 ozungulira chipinda ndi sabuwufa imodzi (sipika ya besi yokhayokha), njira yosavuta ndi ampulifaya yapadera ya mtundu wa AV receiver, chifukwa bokosi limodzi limalandira HDMI, limamasulira mawu, n'kuyendetsa masipika onse ndi mawaya wamba, popanda kufunafuna soketi pa ngodya iliyonse. Sabuwufa yokha ndi imene pafupifupi nthawi zonse imakhala ndi ampulifaya yakeyake, kaya mwasankha njira iti.

Chachiwiri, yezani pamene mumakhala

Yezani mtunda wochokera pamene masipika adzakhale kufika pamene mutu wanu umakhala, ndipo muyeze ndi tepi, osati ndi maso. Nambala imeneyi ndi imene imakuuzani mphamvu imene mukufunikadi, ndipo ambiri amadabwa kuona kuchepa kwake.

Sipika iliyonse ya passive imalembedwa nambala yotchedwa sensitivity, yosonyeza kukwera kwa mawu amene imatulutsa ikalandira wati imodzi, atayezedwa pa mtunda wa mita imodzi. Masipika ambiri a m'nyumba amakhala pakati pa madesibelo (muyezo wa kukwera kwa mawu) 84 ndi 90. Pali malamulo atatu oyenera kuwasunga. Kuwirikiza mawati kawiri kumangowonjezera madesibelo 3. Kuti khutu limve ngati mawu akwera kawiri, pamafunika madesibelo pafupifupi 10, ndipo kumeneko ndi kuwirikiza mawati ka 10. Ndipo mtunda ukawirikiza kawiri pamalo opanda makoma, mawu amatsika ndi madesibelo 6, ngakhale kuti m'chipinda makoma amabweza ena mwa mawuwo.

Titenge sipika ya madesibelo 87, inu mutakhala pa mamita 2. Wati imodzi yokha ikupatsani madesibelo 81, omwe ndi mawu okwera kale, poganizira kuti bungwe la WHO limalangiza munthu wamkulu kuti asapitirire maola 40 pa mlungu akumvera mawu a madesibelo 80. Mawati 10 akufikitsani pa 91, ndipo mawati 100 pa 101. Mawati owonjezerawo ntchito yake si kuimba mokweza nthawi zonse, koma kusungira nthawi imene ng'oma yagunda mwadzidzidzi, pakuti kugunda kotero kumakwera madesibelo 10 kapena kuposa pamwamba pa nyimbo yonse. Apa mungaone chifukwa chake kusiyana kwa ampulifaya ya mawati 60 ndi ya mawati 80 sikuyenera kukusowetsani tulo: sikufika n'komwe madesibelo 2. Ampulifaya ya NAD 3020, imene inatuluka mu 1978 n'kutchuka kwambiri, inalembedwa mawati 20 okha mbali iliyonse, komabe inakwanira m'nyumba zambirimbiri.

Ngati mumakhala pa desiki, mita imodzi kuchokera ku masipika, kapena m'chipinda chaching'ono, masipika a ampulifaya ya m'kati okhala ndi wufa (chotulutsa mawu apansi ndi apakati) ya mainchesi 4 kapena 5 akukwanirani, ndipo amasunga malo. Ngati chipinda n'chachikulu ndipo mumakhala pa mamita 4 kapena kuposa, chimene chimasowa msanga si mawati koma kukula kwa wufa ndi bokosi, chifukwa besi imafuna kukankha mpweya wambiri. Masipika akuluakulu oima pansi amapezeka ambiri a mtundu wa passive kusiyana ndi a mtundu winawo.

Chachitatu, dziwani chimene chili m'bokosi

Sipika yabwino imakhala ndi zotulutsa mawu zosachepera ziwiri: wufa ya mawu apansi ndi apakati, ndi twita ya mawu apamwamba. Chipangizo chotchedwa crossover ndi chimene chimagawa nyimbo kuti chilichonse chilandire gawo lake, ndipo m'masipika a zotulutsa mawu ziwiri malire ake amakhala pafupi ndi mahetsi (kuchuluka kwa mafunde a mawu pa sekondi) 2,000 kapena 3,000. Mu sipika ya passive, kugawaku kumachitika mawu atakwezedwa kale, pogwiritsa ntchito makoyilo, makapasita ndi maresisita, ndipo mbali ina ya mphamvu imathera mmenemo ngati kutentha.

Apa m'pamene mawu akuti powered ndi active amasiyana, ngakhale kuti ogulitsa amawasakaniza. Masipika ambiri otsika mtengo olembedwa powered ndi masipika a passive amene ampulifaya yawo yangolowetsedwa m'bokosi limodzi, ndipo bokosi linalo limalandira mphamvu kudzera pa waya wamba wa sipika. Palibe cholakwika pamenepa, koma phindu lake ndi kuchepa kwa mabokosi basi. Sipika ya active yeniyeni imagawa mawu asanakwezedwe, ndipo wufa ndi twita chilichonse chimakhala ndi ampulifaya yakeyake. Wopanga amatha kulinganiza mphamvu ya chilichonse, kukonza mawu ndi kachipangizo ka digito kotchedwa DSP, ndi kuika malire oteteza kuti wufa isadumphe mopyola kapena twita isapse. Ili ndi phindu lenileni, ndipo n'chifukwa chake nyumba zojambulira nyimbo zinatengera njirayi kalekale. Kampani ya Genelec ya ku Finland inayamba mu 1978 ndi masipika otere. Masiku ano maampulifaya a Class D, amene amasandutsa pafupifupi 90 peresenti ya magetsi kukhala mphamvu yopita ku sipika n'kumatentha pang'ono chabe, apangitsa kuti kuika maampulifaya awiri m'kabokosi kakang'ono kukhale kosavuta.

Ndinene mosabisa kuti pa ndalama zofanana, makamaka zikakhala zochepa, sipika ya active yopangidwa bwino kawirikawiri imatulutsa mawu olongosoka kuposa ampulifaya ndi masipika ogulidwa padera mongoyerekeza. Koma zimenezi si mapeto a nkhani, monga tionere pa gawo lachisanu ndi chimodzi.

Chachinayi, ngati mwakonda zapadera, zigwirizanitseni

Mukasankha njira imeneyi, ntchito ya akatswiri a kufakitale ija yagwera inu. Yambani ndi masipika, chifukwa ndi amene amasintha kamvekedwe ka nyimbo kwambiri kuposa chipangizo china chilichonse, kenako mufune ampulifaya yowayenera.

Yang'anani kaye nambala ya ma ohm, yosonyeza mmene sipika imakanira magetsi, yomwe kawirikawiri imakhala 4, 6 kapena 8. Nambala ikakhala yaing'ono, sipika imakoka magetsi ambiri. Ya ma ohm 4 imakoka kawiri poyerekeza ndi ya ma ohm 8 pa voliyumu yofanana. Kumbuyo kwa ampulifaya kumalembedwa ma ohm otsikitsitsa amene ingapirire, ndipo musatsike kupyola pamenepo. Dziwaninso kuti nambala yolembedwa pa sipika ndi yongoimira, pakuti ma ohm enieni amasinthasintha ndi mawu, moti sipika yolembedwa 8 ingatsike kufika pafupi ndi 4 pa mawu ena a besi. Maampulifaya ambiri ali ndi pomangirira masipika a A ndi a B. Mukayatsa onse pamodzi, kawirikawiri amalumikizana moti masipika awiri a ma ohm 8 amaoneka ngati a 4, ndipo awiri a ma ohm 4 amaoneka ngati a 2, zimene zimatenthetsa ampulifaya mpaka kudzizimitsa kapena kupsa.

Kenako yang'anani mawati, koma muwerenge mosamala. Nambala yodalirika ndi imene imalembedwa kuti continuous kapena RMS, mbali iliyonse, pa ma ohm otchulidwa, mbali zonse ziwiri zikuimba. Nambala zikuluzikulu zolembedwa PMPO zilibe muyezo wogwirizanirana, ndipo bokosi lopepuka lolembedwa mawati masauzande ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Njira yachidule yoonera bodza ndi kuyang'ana kumbuyo pamene palembedwa magetsi amene chipangizocho chimadya pa soketi, popeza sichingapereke kwa nthawi yaitali mphamvu yoposa imene chikulandira.

Anthu ambiri amaopa ampulifaya yamphamvu kwambiri, koma masipika ambiri amafa ndi ampulifaya yofooka imene yakakamizidwa. Ikafika pamalire ake, ampulifaya imadula nsonga za mafunde a mawu, mawuwo amayamba kukanda m'khutu, ndipo twita, imene waya wake ndi wopyapyala kwambiri, imalandira mphamvu yoposa imene inapangidwira mpaka imapsa. Choncho sankhani ampulifaya imene mawati ake ali m'kati mwa malire amene wopanga sipika walemba, makamaka chakumtunda kwa malirewo, ndipo mukangomva mawu akuyamba kukanda, tsitsani voliyumu nthawi yomweyo.

Pa mawaya musawononge ndalama. Waya wa kopa weniweni wa 1.5 mm² ndi wokwanira mpaka mamita 10 pa sipika ya ma ohm 8, ndipo wa 2.5 mm² ndi wa mtunda wotalikirapo kapena masipika a ma ohm 4. Chenjerani ndi waya wolembedwa CCA, amene ndi aluminiyamu wokutidwa ndi kopa pamwamba pokha. Amafunika akhale wonenepa kuposa wa kopa kuti agwire ntchito yofanana.

Chachisanu, ngati mwakonda za ampulifaya ya m'kati, yang'anani kumbuyo

Pano simudandaula za ma ohm, koma pali zina zofunika kuziona ndi maso anu. Bwererani ku pepala lija n'kuona ngati chilichonse chimene munalemba chili ndi polowera pake. Funsani kumene voliyumu imasinthidwira. Masipika a m'nyumba amakhala ndi kokwezera kamodzi kapena limoti, koma masipika ojambulira nyimbo, monga a Yamaha HS5 kapena JBL 305P, bokosi lililonse lili ndi kokwezera kakekake kumbuyo, ndipo amayembekezera kuti voliyumu isinthidwe ndi chipangizo china chapakati. Masipika amenewa amagulitsidwanso limodzilimodzi nthawi zambiri, ndipo lililonse limafuna soketi yake.

Ayatseni opanda nyimbo, mukhale pa mtunda umene mudzawamvere, n'kutchera khutu. Masipika ena otere amatulutsa kaphokoso kosalekeza ku twita, kamene pa mamita 3 sikamveka koma pa desiki usiku kamatopetsa. Ngati mudzawalumikize ku kompyuta, samalaninso ndi kung'ung'udza kwapansi kwa mahetsi 50 kapena 60, kumene kumabwera zipangizo ziwiri zikalumikizidwa ku nthaka ya magetsi (earth) kudzera njira zosiyana. Mankhwala ake ndi kulowetsa zonse pa soketi imodzi yogawa, kugwiritsa ntchito mawaya a mapulagi otchedwa XLR kapena TRS ngati mbali zonse zimawalola, kapena kudutsa pa waya wa kuwala uja. Musachotse konse phini ya nthaka pa pulagi pofuna kuthetsa phokosoli, chifukwa phini imeneyo ndi imene imakutetezani kuti magetsi asakugwireni chipangizo chikawonongeka.

Chinthu chimene ndimaumirira kwambiri n'chakuti masipikawo akhale ndi polowera wamba pa waya, kaya RCA (timabowo tiwiri tozungulira, kofiira ndi koyera), XLR kapena kabowo ka 3.5 mm, pogwira ntchito popanda pulogalamu ya pafoni kapena intaneti. Chifukwa chake chili m'gawo lotsatirali.

Chachisanu ndi chimodzi, ganizirani zaka 10 zikubwerazi

Zinthu zimene zili m'zoimbira sizikalamba pa liwiro limodzi. Sipika ya passive ilibe zambiri zoti zife: ndi maginito, koyilo, pepala ndi bokosi, ndipo yosamalidwa bwino imaimba zaka makumi angapo. Chimene chimatha pa masipika akale ndi mkombero wa siponji wozungulira wufa, umene umafumbutuka ukakalamba, koma mmisiri amausintha mosavuta. Ampulifaya imakalamba msanga kuposa pamenepo, makamaka makapasita ake amene amauma ndi kutentha. Zimene zimatha ntchito mofulumira kuposa zonse ndi za digito: mitundu ya HDMI, ya Bluetooth, ndi mapulogalamu oimbira nyimbo za pa intaneti. Mu Januwale 2020 kampani ya Sonos inalengeza kuti zipangizo zake zina zakale zisiya kulandira mapulogalamu atsopano kuyambira Meyi chaka chomwecho. Zipangizozo sizinafe, koma nkhaniyo inaonetsa poyera kuti sipika yodalira pulogalamu moyo wake uli m'manja mwa amene amasamalira pulogalamuyo.

Mukagula sipika ya ampulifaya ya m'kati yokhalanso ndi Wi-Fi, mwamanga pamodzi chinthu cha moyo wautali, cha moyo wapakati, ndi cha moyo waufupi. Bolodi la ampulifaya likapsa, zoimbira zonse zimakhala chete, ndipo bolodilo linapangidwira sipika imeneyo yokha, moti ngati wopanga anasiya kugulitsa zipangizo zake zosinthira, wufa ndi twita zabwinobwino zimasanduka zopanda ntchito. Simungathe kungomangirira ampulifaya ina ku sipika ya active, chifukwa m'kati mwake mulibe crossover ya passive yoteteza twita. Ndi zapadera, ampulifaya ikafa mumalumikiza ina iliyonse yoyenera tsiku lomwelo, ndipo amisiri ambiri amadziwa kukonza maampulifaya wamba. Njira yolumikizira mawu ikasintha, mumangogula kabokosi kakang'ono katsopano n'kukalowetsa pa RCA.

Zapadera zimalolanso kumanga pang'onopang'ono. Mungayambe ndi masipika abwino ndi ampulifaya yotsika mtengo kapena yogwiritsidwapo kale ntchito, n'kudzasintha ampulifayayo ndalama zikapezeka. Komabe ufulu umenewu ndi wa phindu kwa munthu amene adzaugwiritsadi ntchito. Ngati mukudziwa mumtima mwanu kuti mukufuna kungolumikiza kamodzi n'kumamvera nyimbo, musadzisenzetse mabokosi ndi mawaya chifukwa cha kusintha kumene simudzachita. Gulani masipika a active okhala ndi polowera wamba paja, funsani kutalika kwa chitsimikizo cha wopanga ndi ngati zosinthira zimapezeka, ndipo muwagulire chotetezera ku magetsi okwera mwadzidzidzi, popeza chimene chingapse chili m'kati mwa sipika yeniyeniyo.

Chachisanu ndi chiwiri, mverani musanalipire

Tengani nyimbo zitatu kapena zinayi zimene mumazidziwa bwino, kuphatikizapo ina yokhala ndi mawu a munthu omveka pawokha. Poyerekeza masipika awiri, onetsetsani kuti voliyumu ndi yofanana, chifukwa khutu limakondera chimene chakwera ngakhale pang'ono chabe n'kuchiyesa chabwino. Mverani motsitsa komanso mokweza, ndipo musafulumire. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Sipika imene imakudzidzimutsani ndi besi ndi mawu akuthwa pa mphindi yoyamba ndi imene imatopetsa pakatha ola.

Chachisanu ndi chitatu, lumikizani ndi kuika pamalo

Musanalowetse pulagi, onani ngati mavolti olembedwa kumbuyo akugwirizana ndi a m'nyumba mwanu, chifukwa maiko ena amagwiritsa ntchito 110 mpaka 120 pamene ena 220 mpaka 240. Lumikizani mawaya onse zipangizo zili zozima. Pa masipika a passive, pofiira pa ampulifaya papite pofiira pa sipika, mbali zonse ziwiri. Mukatembenuza mbali imodzi palibe chimapsa, koma wufa ina imakankha pamene inzake ikukoka, besi imazimiririka, ndipo mawu a woimba sakhazikika pakati. Potani bwino timawaya ta kopa kuti pasakhale kamodzi kotuluka n'kukhudza mbali inayo, pakuti kakang'ono kameneko n'kokwanira kuwotcha ampulifaya. Siyani mpata pamwamba pa ampulifaya kuti mpweya wotentha uzituluka.

Cholakwa chimodzi chimene chimawononga katundu nthawi yomweyo ndi kutenga mawaya a pomangirira masipika pa ampulifaya n'kuwalowetsa pa RCA kapena XLR ya sipika ya ampulifaya ya m'kati. Polowera pamenepo pamayembekezera mavolti 1 kapena 2, pamene ampulifaya ingatulutse mavolti 20 kapena kuposa. Ngati mukufuna kuphatikiza ziwirizi, gwiritsani ntchito potulukira polembedwa pre out. Poyatsa, yambani ndi gwero la nyimbo n'kumalizira ampulifaya kapena masipika. Pozimitsa, yambani ndi ampulifaya kapena masipika. Mukatero, kugunda kumene zipangizo zimatulutsa poyaka sikufika ku wufa.

Kaya mwasankha njira iti, malo a masipika amasintha mawu kuposa mmene kusintha ampulifaya kungachitire. Mtunda wa pakati pa masipika awiriwo ufanane ndi mtunda wochokera pa lililonse kufika pa inu, matwita akhale pa msinkhu wa makutu anu mutakhala pansi, ndipo muwapendeketse pang'ono kuloza kwa inu. Khoma limakweza besi, ndipo ngodya imaikweza kwambiri mpaka kuphimba mawu a woimba, makamaka ngati sipika ili ndi bowo la mpweya kumbuyo. Yambani ndi mpata wa masentimita 30 kuchokera kukhoma, kenako muzisuntha pang'onopang'ono mukumvera nyimbo imodzimodzi. Masipika ambiri a active ali ndi timaswichi kumbuyo totsitsira besi akakhala pafupi ndi khoma kapena pa desiki, ndipo pa zapadera kotembenuza kolembedwa bass kamagwira ntchito yofananako. Mukadzawonjezera sabuwufa, ikani malire ake pa mahetsi 80 poyambira, ikwezeni mpaka muyambe kuimva payokha, kenako muitsitse pang'ono kufikira besi izioneka ngati ikuchokera m'masipika awiri aja.